Kuchoka pa ndudu: vape, pulasitala, chingamu kapena mapiritsi?

Mu ndudu muli zinthu ziwiri zimene osuta ambiri amaziyesa chimodzi: chikonga ndi utsi. Chikonga ndi chimene chimakugwirani, chimene chimakudzutsani m'mawa kukafufuza machesi musanasukusule n'komwe. Koma khansa ya m'mapapo, chifuwa chosatha, kubanika ndi mbali yaikulu ya matenda a mtima zimachokera mu utsi. Nsonga ya ndudu imatentha mpaka madigiri 900 pamene mukukoka, ndipo fodya akapsa chotero amatulutsa makemikolo oposa 7,000, pafupifupi 70 mwa iwo oyambitsa khansa. Mmenemo ndi mmene muli phula lija limadetsa mano ndi zala, komanso mpweya wa carbon monoxide umene umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Chingambwe chopichira pa nyuzipepala sichisiyana. Kuti fodyayo ngwa m'munda mwanu ndipo sanapite kufakitale sizimuyeretsa, wapsa basi.

Ndiye poyerekeza njira zili m'munsimu, muyezo ndi umodzi: ndi iti ingakufikitseni poti simukuyatsanso ndudu ngakhale imodzi, n'kukusungani pomwepo? Kuchepetsa kokha sikukwanira. Kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2018 anapeza kuti wosuta ndudu imodzi patsiku amasenza pafupifupi theka la chiopsezo chowonjezera cha matenda a mtima chimene ali nacho wosuta 20.

Musanasankhe, dzifunseni kuti mukadzuka pamapita nthawi yaitali bwanji musanayatse ndudu yoyamba. Ngati sipatha mphindi 30, chikonga chakugwirani zolimba, ndipo yankho limeneli likhudza mlingo wa chilichonse mungagule.

Kungosiya basi

Anthu ambiri amayamba ndi njira iyi chifukwa siifuna ndalama. Mwa anthu 100 osiya motere, amene amatha chaka osasutanso amakhala pakati pa 3 ndi 5. Chibaba chimafika pachimake tsiku lachiwiri ndi lachitatu, kenako chimazirala pang'onopang'ono kwa masabata 2 mpaka 4, ndipo chimabwera ndi kupsa mtima msanga, kusowa tulo, njala, ndi mutu wosakhazikika pa ntchito. Kwa wosuta ndudu zitatu kapena zinayi madzulo okha, n'zotheka ndithu. Kwa wa paketi patsiku, kudalira kulimba mtima kokha ndi kudzizunza pamene thandizo lilipo.

Pulasitala ndi chingamu cha chikonga

Pulasitala imamatidwa m'mawa pakhungu louma lopanda cheya, paphewa, pachifuwa kapena kumtunda kwa mkono, ndipo imalowetsa chikonga pang'onopang'ono tsiku lonse. Ya maola 24 imabwera m'milingo itatu: 21 mg, 14 mg ndi 7 mg. Wosuta ndudu zoposa 10 patsiku amayamba ndi 21 mg kwa masabata 6, kenako 14 mg kwa masabata 2, n'kumaliza ndi 7 mg kwa masabata ena 2. Wosuta zochepera apo amayambira pa 14 mg. Musadzole mafuta pamalopo musanamate, chifukwa siigwira, ndipo thukuta la mu October limaimatula msanga ngati simunaikanikize bwino ndi chikhatho. Sinthani malo tsiku lililonse kuti khungu lisafiire. Ikamakulotetsani maloto achilendo, muziichotsa pogona.

Pulasitala ili ndi chofooka chimodzi: imachedwa. Pamapita maola kuti chikonga chikwere m'magazi, pamene chibaba chobwera mutangodya nsima chimafuna yankho pompopompo. N'chifukwa chake imagwira bwino ikaphatikizidwa ndi chingamu cha chikonga, cha 2 mg kapena cha 4 mg. Cha 4 mg n'cha aja osatha mphindi 30 atadzuka.

Chingamuchi ambiri amachitafuna molakwika n'kunena kuti n'chachabe. Sichitafunidwa ngati cha pa okala. Tafunani pang'onopang'ono mpaka mumve kuwawa konga kwa tsabola, kenako chiikeni pakati pa tsaya ndi nkhama. Kuwawako kukatha, tafunaninso pang'ono n'kuchibwezera, mpaka mphindi 30. Chikonga chimalowera m'kamwa, osati m'mimba. Mukatafuna mothamanga mumachimeza ndi malovu, ndipo zotsatira zake ndi nseru ndi chilungulira. Khofi, juwisi ndi zakumwa za gasi zimalepheretsa kuti chilowe, choncho musamwe zimenezi kwa mphindi 15 musanatafune. Cholakwa china n'kuumira: munthu amatafuna ziwiri patsiku pofuna kusunga ndalama, pamene wogwiritsa chingamu chokha amayenera kutafuna chimodzi pa ola lililonse kapena maola awiri m'masabata 6 oyamba.

Mapiritsi

Varenicline, amene ambiri anamudziwa ndi dzina la Champix, alibe chikonga. Amakhala pamalo pomwe chikonga chimafikira mu ubongo, n'kuchepetsa chibaba, komanso kuchititsa kuti ndudu ikasutidwa isakome. Amayambidwa kutatsala sabata imodzi kuti musiye: 0.5 mg kamodzi patsiku kwa masiku 3, 0.5 mg kawiri patsiku mpaka tsiku la 7, kenako 1 mg kawiri patsiku mpaka masabata 12 atakwana. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu amamva nseru, imene imachepa mukamwera pa chakudya ndi madzi odzaza tambula. Kampani ya Pfizer inachotsa Champix pamsika mu 2021 chifukwa cha zosafunika zimene zinapezeka m'mapiritsiwo, koma varenicline wa makampani ena alipo. Amafuna kulemberedwa ndi dokotala, makamaka ngati muli ndi vuto la impso, ndipo si wa amayi oyembekezera.

Cytisine amagwira mofanana, koma ngwochokera ku mbewu ndipo ngwakale: ku Bulgaria anayamba kumugulitsa m'ma 1960 ndi dzina la Tabex. Mankhwala onse ndi mapiritsi 100 a 1.5 mg omwedwa masiku 25, kuyambira 6 patsiku n'kumatsika mpaka limodzi kapena awiri, ndipo ndudu ziyenera kulekedwa pofika tsiku la 5. Ku Britain anayamba kupezeka mu January 2024. Kumene alipo, nthawi zambiri ndi amene saboola m'thumba kwambiri pa mapiritsi onse. Bupropion ndi wachitatu, wofookerapo pa awiriwa, ndipo saloledwa kwa wodwala khunyu chifukwa amatha kugwetsa munthu mmodzi mwa 1,000. Ngati mukumwa ma ARV kapena mankhwala a TB, nenani kwa dokotala asanakulembereni, popeza ena amafooketsa bupropion m'magazi.

Vape: zimene umboni ukunena

Vape, kachida ka batire kokoka m'malo mwa ndudu, siiwotcha kanthu. Batire limatenthetsa kawaya kotchedwa coil, kamene kamagundana ndi thonje lonyowa ndi madzi a vape, ndipo madziwo amasanduka nthunzi. M'madzimo mumakhala propylene glycol ndi vegetable glycerine, zimene pabotolo zimalembedwa PG ndi VG, kuphatikiza chikonga ndi zokometsera. Mulibe phula, mulibe carbon monoxide.

Pa kafukufuku wa ku England amene anatuluka mu 2019 anayesa anthu 886 ofuna kusiya. Patatha chaka, 18 mwa 100 amene anapatsidwa vape anali osasutanso, poyerekeza ndi pafupifupi 10 mwa 100 amene anapatsidwa mapulasitala, chingamu ndi zofanana nazo. Onsewo ankalandiranso uphungu. Koma walira mvula walira matope: mwa amene anasiya kudzera pa vape, 80 mwa 100 anali akuikokabe chakacho chitatha, pamene kumbali inayo ndi 9 okha mwa 100 amene anali akadali pa pulasitala kapena chingamu. Vape imachotsa ndudu bwino, koma siifulumira kuchotsa chikonga. Gulu la Cochrane, limene limasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko ambiri n'kumuunika pamodzi, linapeza mu 2023 kuti vape, varenicline ndi cytisine zili pamzere umodzi, pafupifupi 14 mwa 100 osiyiratu. Pulasitala yophatikiza ndi chingamu ili pafupi, pa 12. Chimodzi chokha mwa ziwirizi chili pa 8 kapena 9. Manambalawa ngochepa onse, ndipo akusonyeza kuti kulephera koyamba n'kwa anthu ambiri, si kwa inu nokha.

Akatswiri sagwirizana pa nkhani ya vape. Bungwe la Public Health England linanena mu 2015 kuti kuipa kwake n'kochepa ndi 95 peresenti poyerekeza ndi ndudu, nambala imene inachokera m'kulingalira kwa akatswiri osati m'kuwerenga odwala. Boma la Britain linafika poyambitsa ndondomeko ya Swap to Stop mu 2023, yogawa ma vape kwa osuta 1 miliyoni ku England. Bungwe la WHO silinatsatire njira imeneyo: malangizo ake a mu July 2024 amatchula varenicline, cytisine, bupropion ndi zinthu za chikonga za ku famase, osati vape. Chifukwa chimodzi n'chakuti vape yamasiku ano inapangidwa ndi Hon Lik ku China mu 2003, ndiye palibe amene waikoka zaka 40 kuti tione mapapo ake. Chomveka pakati pa mbali ziwirizi ndi ichi: kwa wosuta amene wasinthiratu, vape ndi yochepa kuipa kwambiri, kwa amene sanasutepo, makamaka wachinyamata, ndi kungodziitanira chibaba.

Matenda a m'mapapo amene anagoneka m'chipatala anthu oposa 2,800 ndi kupha 68 ku United States kuyambira mu 2019 amatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi. Gwero lake lalikulu linali vitamin E acetate, mafuta amene ankasakanizidwa m'madzi a chamba ogulitsidwa mozemba. Phunziro lake n'lolunjika: musathire mu vape mafuta alionse kapena madzi osadziwika kumene achokera.

Vape yake iti

Yotaya ikatha ndi imene imaoneka paliponse, ya mitundu yowala ndi fungo la maswiti. Ubwino wake ndi umodzi: siifuna kuphunzira. Pa mwezi imadya ndalama zambiri kuposa zinazo, simungasankhe mlingo wa chikonga kuti muzitsika, zachinyengo zimachuluka mu gulu limeneli, ndipo iliyonse yotayidwa ndi batire la lithium lopita kudzala. Britain inaletsa kugulitsa ma vape otaya kuyambira pa 1 June 2025. Onaninso nambala pa paketi. Polembedwa 2% akutanthauza 20 mg pa mililita iliyonse, malire a ku Britain ndi mayiko a European Union. Polembedwa 5% ndi 50 mg, ndipo zoterezi n'zofala m'mayiko opanda malirewo, kuphatikizapo South Africa. Wosuta ndudu 5 patsiku akayamba ya 5% angathe mwezi ali kapolo wa chikonga kuposa poyamba.

Zazikulu zotulutsa mtambo, za coil yotsika kwambiri pansi pa 1 ohm (muyezo wa magetsi wolembedwa pa coil), n'za anthu okonda zidazo, osati za wofuna kusiya ndudu. Zimakokedwa molunjika m'mapapo, zimafuna madzi okhuthala a VG yochuluka ndi chikonga chochepa, 3 mg kapena 6 mg, ndipo zimamwa madzi ndi batire mosaneneka.

Yoyenera wosuta ndi yaing'ono yothiramo madzi nokha, yotchedwa pod. Pogula funsani zinthu zitatu: coil ya pakati pa 0.8 ndi 1.2 ohm, kakokedwe kothina kofikira kaye m'kamwa ngati ndudu, ndi madzi a 50/50 PG ndi VG. Pa mlingo, wosuta paketi patsiku ayambe ndi 18 kapena 20 mg, wa ndudu 10 mpaka 15 ayambe ndi 12 mg, wochepera apo 6 mg. Pa 20 mg sankhani madzi olembedwa nicotine salt, chifukwa sakanda pakhosi ngati enawo. Anthu ambiri obwerera ku ndudu m'sabata yoyamba amakhala atayamba ndi mlingo wotsika poganiza kuti akudzisamala. Chibaba sichitha, ndiye amakoka vape muofesi ndi m'galimoto, ndudu kubala ndi pakhomo. Kusuta ziwirizi pamodzi ndi msampha waukulu wa njira imeneyi, chifukwa ndalama zimapita kawiri pamene utsi ukadalipo. Ikani tsiku, lisapitirire masabata awiri kuchokera pamene mwagula, ndipo pofika tsikulo ndudu zonse zichoke m'nyumba.

Zimene zimavuta, ndi chifukwa chake

Kutsokomola masiku oyamba kumabwera chifukwa chokoka ngati ndudu, mwamphamvu ndi mwachidule. Vape imafuna kukoka kofatsa kwa masekondi 3 kapena 4. Chikonga chake chimafika mochedwerapo, choncho kukoka pang'ono pafupipafupi m'masabata oyamba sikulakwa. Mutu, nseru, chizungulire ndi mtima kuthamanga ndi zizindikiro zoti mwaonjeza. Ikani pansi kwa ola, ndipo zikabwerezabwereza tsikani mlingo. Kuuma kukamwa ndi ntchito ya PG, mankhwala ake ndi madzi akumwa.

Kukoma kopserera kumatanthauza kuti thonje lauma ndipo likupsa. Pamenepo nthunzi imakhala ndi makemikolo oipa ochuluka, formaldehyde ndi acrolein, choncho musalimbikire. Zimachitika mukathira madzi mu pod yatsopano n'kukoka nthawi yomweyo, pamene thonje limafuna mphindi 5 mpaka 10 kuti linyowe. Zimachitikanso mukalola madzi kutsika kupitirira timabowo ta thonje. Kapena mukathira madzi okhuthala a 70 VG mu pod yaing'ono imene singawakoke. Coil yopsa kamodzi yatha. Ngakhale yosamalidwa imasinthidwa pa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo madzi otsekemera kwambiri amaipha msanga chifukwa zotsekemerazo zimakakamira pa waya n'kuda ngati makala. Kudontha kumabwera ndi kutentha: vape yosiyidwa m'galimoto padzuwa madzi ake amasungunuka n'kudutsa thonje. Muziiimika, osati kuigoneka.

Zinthu ziwiri ndi zoopsa zenizeni. Botolo la 10 ml la 20 mg lili ndi chikonga chokwana 200 mg, limanunkhira ngati maswiti, ndipo mwana akamwa ndi nkhani yothamangira kuchipatala nthawi yomweyo. Likhale pamalo okiyidwa. Chachiwiri ndi batire. Musasiye pa chaja usiku wonse, musagwiritse lotupa kapena long'ambika chikutiro, ndipo lochotseka lisamayende m'thumba limodzi ndi makiyi kapena makobidi, chifukwa zitsulo zikagunda mbali zonse ziwiri limayaka. Pandege vape imakhala m'chikwama cha m'manja. Amene mukupita ku India kukalandira chithandizo, isiyeni kunyumba: dzikolo linaletsa kugulitsa ndi kulowetsa ma vape mu 2019. Thailand ndi Singapore nakonso n'koletsedwa.

Potsika mlingo musathamange. Dikirani miyezi itatu yopanda ndudu, kenako chokani pa 20 kupita pa 12, 6, 3 mpaka 0, mwezi umodzi kapena kuposerapo pa sitepe iliyonse. Mukaona kuti botolo likutha msanga kuwirikiza kawiri, mwatsika nthawi isanakwane. Bwererani pamene munali.

Fodya wotenthetsa, timatumba ndi wofwenkha

IQOS ya kampani ya Philip Morris, imene inayambira ku Japan ndi Italy mu 2014, si vape. Imatenthetsa fodya weniweni mpaka madigiri 350 osamuyatsa. Zoipa zake n'zochepa poyerekeza ndi ndudu koma n'zambiri poyerekeza ndi vape, ndipo palibe umboni wolimba woti imathandiza kusiya. Timatumba ta chikonga toika kunsi kwa mlomo, monga Velo ndi Zyn, tilibe tsamba la fodya kapena utsi, koma umboni woti timasiyitsa ndudu ukadali wochepa, ndipo tamphamvu timatupitsa nkhama. Fodya wofwenkha kapena woika m'kamwa wosakaniza ndi phulusa, wa agogo uja, si njira yosiyira. Ali ndi zoyambitsa khansa ya m'kamwa ndi kummero.

Ndalama, kupezeka kwake, ndi kusankha

Ndudu yogula imodziimodzi pa okala imabisa mtengo wake. Chulukitsani mtengo wa imodzi ndi zimene mumasuta patsiku, kenako ndi 30. Kumbali ya pod, werengani chidacho kamodzi, ma coil 2 mpaka 4 pamwezi, ndi madzi okwana 2 kapena 3 ml patsiku. Ku South Africa madziwa anaikidwa msonkho mu June 2023, umene panthawiyo unali R2.90 pa mililita, kaya ali ndi chikonga kaya alibe, zimene zimapweteka kwambiri a zida zazikulu zija.

Kumene zinthuzi zimachita kuitanitsidwa kuchokera kunja, kupezeka kwake n'kofunika kuposa mtengo. Pod yabwino yopanda coil yosinthira ndi chidole, ndipo tsiku limene coil yapsa kapena magetsi azima batire litatha, ndudu ili pafupi pa ngodya. Musagule mtundu umene ma coil ake sapezeka m'tauni yanu. Yambani muli ndi ma coil a mwezi wathunthu, power bank, ndi paketi ya chingamu cha chikonga yosungira tsiku loipa. N'chimodzimodzi ndi mapulasitala ndi mapiritsi: funsani ku famase ngati angakupezereni a nthawi yonse musanayambe, chifukwa kudukiza pa sabata yachinayi kumabweza ambiri.

Ngati varenicline kapena cytisine akupezeka ndipo dokotala wavomera, yambirani pamenepo, popeza ali ndi tsiku lothera ndipo sakusiyani ndi chida m'manja. Ngati sapezeka, pulasitala pamodzi ndi chingamu. Pod ndi ya amene anayesa zimenezi zosatheka, kapena amene chibaba chake chili m'dzanja ndi pakamwa monga chilili m'magazi, yemwe kapu ya tiyi kapena botolo la mowa sizimuyendera popanda chokoka. Mayi woyembekezera ayambe ndi uphungu wa ku sikelo ndi zinthu za chikonga za ku famase, osati mapiritsi. Wodwala TB kapena amene ali pa ma ARV asadikire kupeza njira yangwiro. Atenge imene ilipo sabata ino.

Njira iliyonse mungatenge, pali kusintha kumodzi m'thupi kumene ambiri sauzidwa. Utsi umafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, ndipo ndi utsiwo umene umatero, osati chikonga, ndiye vape kapena pulasitala siziletsa kusinthaku. Amene akumwa clozapine, olanzapine, theophylline kapena aminophylline auze dokotala tsiku losiyira lisanafike, chifukwa utsi ukatha chiwindi chimasiya kufulumira, ndipo mlingo womwewo ukhoza kuchuluka m'magazi pa masiku ochepa. Khofi nayenso amatero. Makapu anayi amene munkamwa osamva kanthu angayambe kukunjenjemeretsani ndi kukusowetsani tulo, inu n'kumati ndi chibaba. M'masabata oyamba muchepetseni ndi theka.